Pemphero la Chakudya Pakhomo la Opaleshoni

Bambo atalowetsedwa m'chipinda cha opaleshoni, ndinalephera kukhala pansi. Ndinkangoyendayenda m'khonde la chipatala, kukafika pazenera, kubwereranso. Kutchalitchi ndinasiya kalekale. Mafunso anga abusa ankangowayankha ndi kumwetulira, mpaka ndinatopa nazo.

"Achemwali, tapempherani," anatero mng'ono wanga. "Aakulu ndinu."

Ndinatsinzina monyinyirika. Mawu onse akuluakulu anandithawa. Chomwe chinatuluka ndi kapemphero kaja Bambo anatiphunzitsa tili ana: "Yesu, dalitsani chakudya chathu, mukumbukirenso amene alibe."

Mng'ono wanga anayamba kuseka, misozi ili mbwembwembwe. "Chakudya chake chiti, achemwali?"

"Iwe, takhala chete," ndinamukalipira, maso ndili chitsinzinire. "Sindimauza iwe. Mwiniwake wamva."