Galimoto Yobereka Oyilo

Galimoto inafika pakati pa chitunda cha ku Soche n'kuyamba kubuula ngati munthu wosenza matumba. A Kingsford anaponda faya mpaka nsapato inakhudza pansi, koma liwiro linakana. Kumanja kwawo kunadutsa njinga yamoto ya kabaza itanyamula anthu awiri ndi thumba la makala. Mmodzi mwa anthuwo anatembenuka n'kuwayang'ana mwachifundo.

"Bambo a Cathy, nditsike ndikankhe?" anafunsa a Magdalene, akazi awo.

A Kingsford maso awo anali pa singano ya mafuta, imene inali itayamba kale kugwada ngakhale kuti dzulo lake anajomba kuntchito n'kupsa ndi dzuwa pamzere wa dizilo.

Galimotoyi inali yadizilo, yogwirapo kale ntchito ku Japan. A Kingsford, kalaliki pa ofesi ina m'tauni ya Blantyre, anaisankha chifukwa anzawo anawauza kuti yadizilo imangonunkhiza mafuta, siimwa. Ndipo anaisamala kuposa mmene anasamalira Cathy ali khanda. Ulendo wake unali umodzi: kuchoka ku Manja kupita kuntchito, kubwerera, Lamlungu kutchalitchi. Ngakhale ku Lunzu inali isanafikeko. Kukagwa maliro kumudzi ku Thyolo, banja linkakwera minibasi, galimoto n'kutsala itafunda chinsalu. Pamsewu ankayenda mwaulemu ngati ali pa mdipiti wa ukwati. Nthawi zina injini inkayamba yokha kulira mokweza n'kumatulutsa fungo la chitsulo chotentha. Zikatero a Kingsford ankapatuka msanga n'kuizimitsa kuti ipume. Mkati mwake munali mawu a mayi wina wa ku Japan amene ankalankhula akangoliza injini, ndipo a Magdalene ankamutchula kuti mkazi mnzawo. Kagetsi kena kachikasu katayamba kuyaka pafupi ndi singano, a Kingsford anamatapo sitika ya msonkhano wa chitsitsimutso, poti kankawathobwa m'maso.

Chimene ankanyadira kwambiri chinali oyilo. Magalimoto a anzawo ankamwa oyilo, yawo ayi. Akasolola kandodo koyezera, ankapeza oyilo wakwera kuposa pamene anamusiya. Ankauza madoda a kutchalitchi kuti galimoto ukaisamala bwino imabereka yokha oyilo.

Nyumba yawo ku Manja inali kuseri, kofika kanjira ka miyendo basi. Choncho galimoto inkagona mumpanda wa a Nasoro, dalaivala wa minibasi, amene anakhala nawo moyandikana kuyambira onse asanamere imvi. A Nasoro ndi amene ankazinga nkhuku ya Khirisimasi kwa a Kingsford kuti mabanja onse awiri adyere limodzi, ndipo pa Idi mpunga wa akazi awo, a Esha, unkafika kwa a Magdalene usanazizire. Tsiku limene galimoto inabwera, a Nasoro anadulitsa kiyi wina wa geti n'kuwapatsa a Kingsford, osapempha kanthu.

Kenako dizilo anasowa m'tauni, ndipo nthawi yomweyo singano inayamba kugwa ngati yaledzera. M'mawa wina a Kingsford anaona zigubu ndi kapayipi pakona ya mpanda. Masiku amenewo dalaivala aliyense wa minibasi anali nazo zimenezo, koma a Kingsford sanaganize za madalaivala ena. Anaganiza za mmodzi.

Sanawafunse a Nasoro. Anakalankhulira kwa Chrispine, wometa tsitsi pamsika wa Manja, mutu uli wometa theka. Anati iwo sakunena munthu ayi, koma galimoto yawo imagona pambali pa minibasi, ndipo minibasiyo sikuonda. Mawu olankhulidwa kwa Chrispine sagona pomwepo. Posakhalitsa anyamata oitanira pasiteji anayamba kukuwa kuti a Payipi afika, a Nasoro akamaimika minibasi. Mwini minibasiyo anamva, nayenso anayamba kukayikira za thanki yake, n'kuwauza a Nasoro kuti ayambe apuma kaye. A Esha anabwera kwa a Magdalene, anapereka moni bwinobwino, anakana mpando, n'kupempha kiyi wa geti.

Kuchokera pamenepo galimoto inkagona mumpanda wa tchalitchi, pathanki pali loko. Dizilo anapitiriza kutha. Mphamvu nazo zinapitiriza kutha. A Magdalene anafunsa ngati a Nasoro tsopano akudumpha mpanda wa tchalitchi, kapena aziti ndi abusa. Ndi iwo amene anaumiriza ulendo wa Loweruka limeneli, wopita ku Limbe kwa makaniko.

Galaja ya Raphael inali kuseri kwa mashopu, pansi pa shedi ya malata. Raphael anali wamfupi, wakamimba, ndipo ankalemekeza magalimoto kuposa eni ake. Anafunsa ngati imavuta kulira m'mawa, ngati imatulutsa utsi wakuda, ngati dizilo amagula wa m'zigubu. A Kingsford anakana zonse. Anati vuto akulidziwa kale, pali munthu ankawabera.

"Wakuba dizilo timamudziwa, bigi," anatero Raphael. "Koma wakuba mphamvu za galimoto sindinamuonepo. Amazinyamulira m'chiyani?"

Anayamba ndi zapafupi. Anayeza mpweya wa matayala, unali bwino. Anakweza galimoto pa jeke n'kuzunguza matayala onse kuti aone ngati mabuleki akugwira okha, koma ankazungulira mosavuta. Anatsegula boneti n'kutulutsa sefa ya mpweya. Inali yoyera ngati kolala ya abusa, poti a Kingsford ankaikuntha fumbi pafupipafupi. Anatsanulira dizilo wa mu fyuluta m'kabotolo, n'kumuyang'ana padzuwa. Munalibe madzi, munalibe fungo la palafini. Anapapasa mapayipi a mpweya kufuna pong'ambika, sanapeze.

A Kingsford anayamba kumwetulira. Chilichonse chimene chinkapezeka chili bwino chinkawaonjezera mlandu a Nasoro.

Raphael anazungulira kumbuyo, anaika chikhatho pakamwa pa ekizozi, n'kuwauza kuti aponde faya. Injini inabangula, koma mpweya umene unatuluka unali ngati wa mwana wogona. Raphael anachita tsinya. Anabwerera kutsogolo n'kugwira kandodo ka oyilo.

"Kumeneko musavutike," anatero a Kingsford. "Chigulireni sindinaonjezeremo. Imabereka yokha."

Raphael anawayang'ana kaye, kenako anasolola kandodoko. Oyilo anali atadutsa pachizindikiro chapamwamba, ndipo ankadontha ngati tiyi wopanda mkaka. Anamutikita pa zala, ananunkhiza, n'kuwalozetsa zalazo pamphuno. A Kingsford anabweza mutu. A Magdalene ndi amene anawerama n'kununkhiza.

"Ndi dizilo uyu," anatero.

"Eya, mayi. Dizilo wobedwa uja, wina ndi ameneyu. Sanapite patali."

Raphael analowa mkati, anaona sitika ija, n'kufunsa ngati chitsitsimutsocho chinatha. Anaimatula ndi chikhadabo. Pansi pake kagetsi kachikasu kanali kakuyakabe mokhulupirika. Analumikiza kakompyuta kake pansi pa chiwongolero, anawerenga, n'kugwedeza mutu.

Anafotokoza mosathamanga, akupukuta manja. Magalimoto adizilo a masiku ano ali ndi sefa ina mu ekizozi yogwira mwaye. Sefayo ikadzaza, galimoto imawotcha yokha mwayewo, ndipo kuti itero imathira dizilo woonjezera n'kutentha kwambiri. Kulira kuja ndi fungo lija, ndiye kuti yayamba ntchito imeneyo. Imafuna msewu wautali ndi phazi lolemera kuti imalize. Ukaizimitsa pakati, dizilo wosapsa amatsetserekera mu oyilo, mwaye umatsala, mawa n'kuyambiranso, n'kuthiranso dizilo wina. Sefa ikatsekeka, injini imabanika, mphamvu zimatha, munthu amaponda faya kwambiri, thanki n'kumauma.

"Galimoto inkafuna kutsokomola, inu n'kumaigwira pakamwa," anatero Raphael. "Imeneyi sinadwale ndi nkhanza, bigi. Yadwala ndi chikondi."

A Magdalene anafunsa ngati mkazi mnzawo wa ku Japan uja ankanena zimenezi masiku onsewa. Raphael anati Chijapanizi sachimva, koma sangadabwe, chifukwa azimayi amanena, amuna n'kumakweza wailesi.

A Kingsford sanaseke. Anafunsa motsitsa mawu ngati sizingatheke kuti zonse ziwiri zinkachitika, sefa kutsekeka komanso munthu kupopa. Raphael anapempha kiyi wa loko uja, anatsegula pathanki, n'kulowetsa kapayipi kake. Kanangolowa pang'ono n'kuima. Anati pakhosi pa thanki imeneyi pali chotchinga, payipi sidutsa, ndipo amene angapope dizilo m'menemo amulembe ntchito lero lomwe.

Oyilo atamukhetsa anadzaza beseni mpaka kusefukira. Raphael anathira watsopano, n'kunena kuti ali ndi mwayi, akanapitiriza injini ikanagona osadzukanso. Anatsanulira oyilo wakaleyo pang'ono m'kabotolo n'kuwapatsa a Kingsford kuti akaonetse madoda a kutchalitchi mwana amene galimoto inabereka. Mankhwala otsala anali amodzi: msewu wa Midima mpaka ku Mulanje, liwiro lokhazikika, osaima, osazimitsa mpaka kagetsi kathime. Kakakana, abwere nayo adzamasule sefa n'kuitsuka.

A Kingsford anavomera kuti chiphunzirireni kuyendetsa sanathamangitsepo galimoto, ndipo malole akamabwera kutsogolo iwo amathawira m'mbali mwa msewu.

"Ndiye pezani dalaivala wa phazi lolemera," anatero Raphael.

"Tinali naye," anatero a Magdalene, akuyang'ana kumbali.

Pobwerera anasiya galimoto kutchalitchi n'kuyenda wapansi. Atafika pa kanjira ka kunyumba, a Magdalene anakhota okha, osawaitana amuna awo, osawauzanso kopita.

A Kingsford anagogoda pa geti limene kale ankalitsegula okha. A Nasoro anatsegula. Anali atavala mkanjo wapakhomo dzuwa lili pamutu, nthawi imene dalaivala amayenera kukhala pamsewu. Pamalo pamene pankagona minibasi ndi galimoto panali mphasa yoyanikapo chinangwa. Anapereka moni wonse, anafunsa za a Magdalene ndi za Cathy, koma anaima pakati pa geti.

A Kingsford anawapatsa kabotolo kaja. A Nasoro ananunkhiza kamodzi kokha.

"Mu injini?"

"Mu injini."

A Nasoro anaseka pang'ono, kuseka kopanda mano. Anakumbutsa kuti chaka chatha anawapempha kuti apite nayo ku Mangochi ikawongole miyendo, iwo n'kuyankha kuti itopa. A Kingsford anafotokoza zonse zimene Raphael ananena, za sefa, za mwaye, za chotchinga cha pathanki. Anafotokoza motalika kuposa mmene zinafunikira, pozengereza kunena mawu opepesa. Pomaliza anawatulutsa. Anati analakwa, awakhululukire, ndipo ngati n'kotheka awathandize kuyendetsa galimoto mpaka ku Mulanje.

"Kuyendetsa ndiyendetsa, achimwene. Galimoto sinandilakwire, ndipo nthawi ndili nayo yambiri masiku ano." A Nasoro anabweza kabotolo. "Koma mwabwera pano pamene tili awiri. Kodi zija munanenera pano?"

A Nasoro anapitiriza.

"Mwana wanga akumutchula kuti mwana wa a Payipi kusukulu. Bwana wanga sanamve kwa inu, anamva pasiteji. Dzina langa silinatayikire pa geti lino."

Sanakweze mawu. Anatsanzika mwaulemu, anati apereke moni kunyumba, n'kukankha geti. Kiyi analira mkati.

A Kingsford anaima pamenepo ndi kabotolo m'manja. Kumanzere kunali kanjira ka kunyumba. Kumanja kunali msewu wa kumsika, ndipo Loweruka masana kwa Chrispine kumadzaza: oitanira minibasi, madoda okonzekera mapemphero a mawa, ndi ena ongobwera kudzamva. Ambiri mwa iwo anamvapo za galimoto yobereka oyilo, ena mpaka anaisirira. A Kingsford anadziwa kuti akatuluka m'menemo nawonso adzakhala ndi dzina latsopano, ndipo la ku Manja silifufutika.

Anakhotera kumanja.

Kwa Chrispine benchi inali yodzaza, ena ataima pakhomo, wailesi ikuulutsa mpira. Chrispine anawaona pagalasi n'kuimitsa makina.

"Bwana Kingsford, tsitsi lake liti? Si ndakumetani posachedwa pompa?"

"Sindinabwerere tsitsi," anatero a Kingsford. Anaika kabotolo pa shelefu, pakati pa zipeso ndi sipiriti, n'kuchotsa chitsekerero. "Tatsitsani wailesiyo. Kabotoloka kayende, aliyense anunkhize. Kenako ndikuuzani za wakuba dizilo wanga."