Maliro Amene Alufandika Sanapiteko

Alufandika anali kukonza tsamba loyamba la nyuzipepala pamene anamva makina olembera, mataipi, aleka kulira m'chipinda chinacho. Dzuwa linali paliwombo, ofesi yonse ili zii. Atadzutsa mutu anaona munthu wamtali ataima pakhomo, nsapato zili m'manja, fumbi lofiira mpaka m'mawondo.

"Mwaswera bwanji, bambo mkonzi? Ndine Sefu, uja munamuika m'manda."

Alufandika anaika cholembera pansi. Iye ndiye anali mkonzi wa kanyuzipepala ka Chinyanja kamene anthu a ku Nyasalande odzagwira ntchito m'dziko la eni ankawerenga m'komboni yonse ya Highfield. Popeza anapondako ku koleji, mawu ake ankawatenga ngati chidindo cha boma. Miyezi itatu m'mbuyomo ofesi ina ya boma inamutumizira kalata yoti Sefu Abdulkarim wafa, miyala itamugwera pa kwale, malo okumba ndi kuswa miyala. Bwana wa pa kwalepo ankafuna nkhani yoonetsa kuti kampani inamuika mwaulemu. Kukwaleko kunali kutali, mvula ikugwa, ndipo mkulu wathuyu sankafuna matope pa suti yake. Anangokhala pampando n'kulemba kuti: "Ine mkonzi ndinaliko, nkhope ndinaiona, dothi ndinaponya."

"Koma boma linati..." anayamba motero.

"Boma linaona chitupa, bambo. Chitupa changa ndinabwereka Hamudi, wakwathu, kuti apezere ntchito kukwaleko, monga timachitira tonse. Ine ndinali ku famu ya fodya, kumene safunsa mapepala. Koma inu munaona nkhope. Inali yotani nkhope yangayo?"

Sefu sanakweze mawu, ndipo zimenezo ndizo zinamuopsa kwambiri Alufandika.

"Ndatsika basi pa sitolo za pa Machipisa, amayi ogulitsa mtedza ataya malichero n'kuthawa. Kumzikiti ashehe akana kundipatsa mkono, ati anandipempherera kale. Mkazi wanga Mwanahawa ali mu eda, wabindikira m'nyumba ngati wamasiye, akundilira, ndipo wanditsekera chitseko. Ati bambo mkonzi sanama."

"Tidzakonza. Mwezi wamawa, mwina, tikakambirana ndi mabwana..."

"Palibe kanthu," anatero Sefu. Anakhala pansi pakona, nsapato n'kuziika pambali bwinobwino. "Wakufa sathamangira kwina. Ndikhala ndi amene anandiika."

Anakhaladi. Masiku atatu ankafika m'mawa n'kukhala pomwepo, osadya, osayankhula, maso ali pa cholembera cha mkonzi. Olemba mataipi anakana kulowa. Alufandika akati alembe, ankabwezanso cholembera patebulo, chifukwa kukonza nkhaniyo kunali kuuza Highfield yense kuti mkonzi wawo ndi wabodza. Akuluakulu ananena kuti ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo udzakutsata. Wakewo unamutsatira mpaka mu ofesi, n'kukhala pakona.

Tsiku lachinayi Alufandika anavala chipewa, nagwira Sefu padzanja. Dzanjalo linali lofunda, ndipo manyazi anamugwira pozindikira kuti nayenso ankayembekezera kuti likhala lozizira. Anadutsa pa Machipisa masana, anthu akupatuka, ena akusuzumira m'mawindo a sitolo. Atafika pa nyumba ya Sefu, Alufandika anavula chipewa.

"Mayi Mwanahawa, ndine mkonzi. Kumaliro kuja sindinapiteko. Nkhope sindinaione. Ndinanama ine, amuna anu ndi awa, ali moyo."

Kenako chitseko chinatseguka pang'ono, panatuluka dzanja lokha, n'kukhudza malaya a Sefu, n'kuwagwira zolimba. Kulira kumene kunamveka m'nyumbamo kunam'masula mtima Alufandika, mpaka anaganiza kuti mlandu watha.

Akutembenuka kuti azipita, mayi wina wa nyumba yoyandikana anaimika tsache, mwana ali kumbuyo, akumwetulira.

"Mulungu ngwamkulu, bambo mkonzi! Ine ndine Saumu. Inu mumadziwa zonse, tandiuzani. Amuna anga a Hamudi anapita ku kwale, miyezi itatu tsopano osalemba kalata. Nyuzipepala yanu amandiwerengera sabata iliyonse, dzina lawo silinatulukemo, ndiye ndimadziwa kuti ali bwino. Kapena mwamvako kuti abwera liti?"

Alufandika anayang'ana Sefu, Sefu anayang'ana pansi. Alufandika anazindikira amene anaikidwa m'manda aja, ndipo chipewa chija sanachivalenso.

"Mayi," anatero, "tabweretsani mphasa, tikhale pansi."