Chidindo cha Mawu a Mateus

Nelsa anabadwira ku Msumba, kuseri kwa tchalitchi chakale cha kumeneko, koma sukulu inamutengera kutali mpaka ku Maputo. Pobwerera kwawo anabwera ndi kompyuta, mabatire a dzuwa, ndiponso mnzake wa kuyunivesite dzina lake Rachide, amene Chinyanja ankangodziwa moni. Anapeza chipinda ku Chiwanga, pafupi ndi mathandala oyanikapo usipa, n'kuyamba kafukufuku wawo.

Ntchito yake inali yotere. Msodzi wa doko lina amaona mphepo isanafike kwa anzake. Akaona kuti nyanja yasintha, ankatumiza uthenga wa mawu pa foni, pulogalamu ya Nelsa n'kumva zimene wanena, n'kufalitsa uthengawo kwa asodzi a madoko onse. Chovuta chinali anthu abodza. Wadyera akanatha kunamiza anzake kuti mwera ukubwera, iye n'kukakokola yekha usipa. Choncho Nelsa anaphunzitsa pulogalamuyo kudziwa munthu ndi mawu ake, monga a boma amadziwira munthu ndi chidindo cha chala. Msodzi aliyense ankabwera kudzalankhula kangapo pa kompyuta, chidindo cha mawu ake n'kusungidwa m'nkhokwe ya pa kompyuta imene ankayang'anira Rachide. Uthenga wa munthu wosadziwika sunkadutsa.

Mmodzi mwa oyamba kulembetsa anali a Mateus a ku Lunho, bambo wa mawu akuluakulu, wotsimphina mwendo wamanzere, amene anabwerera kuchokera ku Malawi nkhondo itatha. Sankatumiza uthenga pafupipafupi, koma akatumiza anthu ankakokera mabwato kumtunda. Ankayamba ndi kutsokomola pang'ono, kenaka n'kunena kuti, "Anzanga, ndine Mateus."

Nyengo ya mwera itangoyamba, a Mateus anapita panyanja osabwerera. Thupi lawo linapezeka m'mabango patapita masiku, ndipo Nelsa anakakhala nawo pa maliro. Za kufufuta chidindo chawo m'nkhokwe palibe anakumbukira.

Panapita miyezi. Tsiku lina masana, Nelsa akuchokera kumsika, anapeza Rachide ataima pakhomo la chipinda chawo.

"Bwera udzamve ichi," anatero Rachide m'Chipwitikizi. "Wina watilowerera."

Anamupatsa zomvera za m'makutu. Kunamveka nkhuku, kenaka kutsokomola. "Anzanga, ndine Mateus. Mawa musachoke padoko. A Timoti, injini yanu yatsopanoyo isakunamizeni, mwera wake ndi waukulu."

Nelsa anavula zomverazo n'kuziika patebulo pang'onopang'ono.

"Wadutsa uthengawu?"

"Wadutsa. Pulogalamu ikuti ndi iwowo, sikukayika ngakhale pang'ono. Pano uli pa foni ya msodzi aliyense."

Rachide anali wokondwa mwa njira yake, chifukwa kugwira akuba mawu ndiye kunali kuphunzira kwake. Anati mwina wina anasunga uthenga wakale n'kuutumizanso. Nelsa anapukusa mutu. A Timoti, mkulu wa bungwe la asodzi, anagula injiniyo maliro atachitika kale. Rachide anati ndiye kuti ndi mawu opanga pa kompyuta, oti munthu amadyetsa makina mawu a mnzake mpaka makinawo ayambe kulankhula ngati iye. Anali ndi pulogalamu ina yogwira chinyengo choterocho. Anaupimitsa uthengawo, n'kubwerezanso, n'kusintha miyeso. Yankho silinasinthe: wolankhulayo anali munthu wamoyo, wopuma mpweya, ataima panja pafupi ndi nkhuku.

Nambala inali ya a Mateus. Foniyo anaisiya kunyumba tsiku limene anamira, chifukwa inalibe moto.

M'mawa mwake palibe bwato linachoka padoko, ena pomvera chenjezo, ena chifukwa cha mantha chabe. Dzuwa lisanafike pamutu mwera unaomba, n'kugwetsa mathandala a ku Chiwanga, nyanja yonse n'kuchita thovu. A Timoti anaimbira Nelsa foni.

"Mwana wa ku Msumba iwe, makina akowa ayamba kudzutsa akufa?"

"Sindikudziwa, bambo. Ndipita ndikaone."

"Pita. Anthu kuno akufunsa ine, ine ndilibe choyankha."

Nelsa anapita pa njinga yamoto, msewu wa ku Lunho uli maenje okhaokha. Anapeza a Isabel, mkazi wa malemuwo, atakhala pamthunzi wa mango akusenda chinangwa choti akaviike. Anali mayi wamng'ono thupi, wa mawu opyapyala, ndipo anamulandira bwino. Nelsa anakhala pamphasa, n'kutenga mpeni wina kuti awathandize, kenaka anafunsa za foni.

"Ili m'nyumba, pa zenera," anatero a Isabel. "Ndimaitchaja kuti ana a ku Lichinga azindipeza. Ine kutumiza zinthuzo sindidziwa, mwanangu. Ndimangodziwa kuyankha."

"Palibe wina amaigwira? Mlendo, kapena wachibale?"

"Ndimakhala ndekha. Anthu akundifunsa zomwezo chiyambire dzulo. Ena akumandilambalala panjira."

Anapitiriza kusenda. Kunali bata, masamba a mango osagwedezeka n'komwe. A Isabel anayamba kufotokoza za mpongozi wawo amene anali woyembekezera, kuti akufuna adzachirire kuno koma chipatala chili kutali. Ali pakati pa mawu, analeka. Anaika mpeni pansi. Anatembenuzira mutu kunyanja, imene inkaoneka pakati pa nyumba ziwiri, n'kuiyang'ana nthawi yaitali osaphethira.

"Amayi?" anatero Nelsa.

A Isabel anadzuka. Sanadzuke monga amadzukira mayi wovala chitenje, koma anatsamira dzanja pabondo n'kudzikankha. Popita kunyumba ankakoka mwendo wamanzere. Anatuluka ndi foni, zala zikuyenda pa iyo mosafunafuna, n'kuima pakati pa bwalo miyendo itatalikirana. Anatsokomola.

"Anzanga, ndine Mateus. Bata ili musalikhulupirire. Amene muli kutali yambani kubwerera."

Mawuwo anatuluka m'chifuwa chaching'onocho athunthu, akuluakulu, mpaka nkhuku zinasuntha.   Mayiwo anabwezera foni pa zenera, n'kubwera kudzakhala pamalo pawo, n'kutola mpeni.

"Ndiye ndamuuza kuti akachirire konko ku Lichinga," anatero ndi mawu awo opyapyala aja, "ine ndidzapita ndikamva kuti mwana wabadwa."

M'thumba la Nelsa foni inanjenjemera. Unali uthenga womwewo, utadutsa kale mu pulogalamu yake.

Nelsa sanadziwe poyambira. Anafunsa ngati amayiwo akumva bwino m'thupi. A Isabel anati ali bwino, kungoti masiku ano dzuwa limawathawa. Amatha kukhala pansi mthunzi uli apa, pozindikira mthunzi uli apo, ndipo pakhosi pamawawa ngati akhala akukuwa. Atatero anamuyang'anitsitsa Nelsa.

"Nkhope yako yasintha. Waona chiyani?"

Nelsa anawauza zonse, mosabisa. Mayiwo anamvetsera mpeni uli m'manja. Atamaliza, Nelsa anatulutsa foni kuti awamvetse uthengawo, koma a Isabel anakweza dzanja.

"Ayi. Ndinawaona ndi maso angawa akuikidwa m'manda. Ndikawamvanso ndiyamba kuwadikira."

Analola kuti Nelsa ajambule mawu awo. Atabwerera ku Chiwanga, iye ndi Rachide anawapereka ku pulogalamu ija. Pulogalamu inati uyu ndi munthu watsopano, wosafanana ndi aliyense m'nkhokwe. Anaika mawu a Isabel pambali pa uthenga wa masanawo, ndipo zidindo ziwirizo zinatalikirana monga za anthu osadziwana.

Rachide anayesa kufotokoza. Anati anthu akakhala limodzi zaka zambiri amatengerana kalankhulidwe, ndipo chisoni chimachita zodabwitsa m'mutu mwa munthu. Nelsa anamukumbutsa kuti pulogalamu yawo sinkamvera kalankhulidwe kokha. Inkayeza kukula kwa kholingo ndi mphuno kuchokera m'mawu, zinthu zimene munthu sangabwereke kwa mnzake. Awiriwo ankanyadira zimenezo pamisonkhano. Rachide anati ndiye kuti apeza chinthu chachikulu. Anafuna kuti atengere mayiwo ku Maputo akawapime, alembe za iwo.

"Si nsomba yoti tikaiyeze pa sikelo," anatero Nelsa. "Ndi mayi woferedwa."

Mauthenga anapitirira kubwera, ndipo mphepo inkachita monga anenera. Mantha a anthu anasanduka china. Asodzi ena anasiya kutumiza zimene aona, n'kumangodikira a Mateus. Ena sankachoka padoko ngati sanamve kanthu. Nelsa atapitanso ku Lunho anapeza amuna atakhala mwakachetechete m'mphepete mwa bwalo la a Isabel, zipewa zili m'manja, akuyang'ana mayiyo akusesa. Palibe ankamulankhula. Ankangodikira kuti aleke kusesa.

A Isabel anali ataonda. Anakokera Nelsa m'nyumba.

"Kale zinkabwera mwa apo ndi apo. Tsopano ndikadzuka m'mawa, pozindikira dzuwa lapendeka, mapazi ali ndi mchenga wa kudoko. Dzulo ndinapezeka nditagwira nkhafi. Ine chibadwire sindinapalasepo bwato." Analoza pakhomo. "Anthu awa sakubwerera ine. Ukuona wekha."

Nelsa atafika ku Chiwanga anauza Rachide kuti atsegule nkhokwe. Rachide anamuchenjeza kuti akafufuta chidindocho, machenjezo amene apulumutsa anthu adzaleka kufika, ndipo asodzi sadzamukhululukira. Nelsa anati akudziwa. Anafufuta yekha.

Kuyambira pamenepo mauthenga a nambala ija ankagwera m'gulu la okanidwa, kumene ankawamva Nelsa yekha. Ankawamvetsera onse. Akamva za mphepo, ankaimbira a Timoti n'kuwauza ngati maganizo ake. A Timoti sanamufunsepo kumene wazitenga. Koma asodzi ambiri anakwiya, ena anachotsa maina awo, ndipo wina anadula waya wa mabatire a dzuwa. Amuna a pabwalo paja sanachoke. Popeza foni inali itasiya kuwatumikira, anayamba kubwera ambiri kuti adzamve ndi makutu awo.

Amene anathetsa zimenezi anali a Yohana, mchimwene wa a Isabel, mlimi wa ku Maniamba kumapiri. Nelsa ndiye anawatumizira mawu. Anatsika tsiku lina m'mawa, n'kumanga katundu wa mlongo wawo, osalankhula ndi aliyense wa pabwalopo. Anthu amati pokwera galimoto mayiwo anakakamira chitseko ndi mphamvu zoti amuna awiri anavutika kuwamasula, nkhope ili kunyanja, koma sanatulutse mawu. Foni inatsala pa zenera. Uthenga sunabwerenso.

Kafukufuku anatha mvula itayamba. Rachide analemba m'lipoti kuti pulogalamu inalakwitsa pa munthu mmodzi pa zifukwa zosadziwika, ndipo Nelsa sanatsutse. Asanabwerere ku Maputo anakwera ku Maniamba.

Anawapeza a Isabel m'munda wa chimanga akupalira. Thupi linali litabwerera, ndipo kuchokera pamenepo nyanja sinkaoneka, mapiri anaitchinga. Anakhala pamzere n'kucheza za mdzukulu amene anabadwa ku Lichinga, za nyani amene ankavutitsa m'minda, za kuzizira kwa kumtunda. Mayiwo anati tsiku lonse tsopano limakhala lawo, kuyambira m'mawa mpaka madzulo.

Nelsa atatsanzika, a Isabel anamuperekeza mpaka pamsewu. Pamenepo anaima, n'kumakonza mpango wawo kumutu.

"Iwe unawamva onse, eti? Mauthenga aja."

"Ndinawamva onse, amayi."

"Pa onsewo, ananenapo kanthu za ine?"

Nelsa anaganiza zonama. Anayang'ana nkhope ya mayiyo n'kuona kuti adziwa.

"Ayi, amayi. Ankangonena za mphepo."

A Isabel anagwedeza mutu pang'onopang'ono.

"Ndi iwowo ndithu," anatero. Anamugwira Nelsa dzanja, n'kumufunira ulendo wabwino, kenaka anabwerera kumunda kukamaliza mzere wawo.