Makilomita Sikisi a Nagat

Ine Shehata, makaniko wa ku Tanta m'dziko la Egypt, sindikhulupirira chinthu ndisanachiyeze. Khalidwe limeneli landidyetsa zaka makumi atatu, ndipo sindinkaona chifukwa choti ndizilisiya pakhomo la galaja ndikaweruka.

Kagalimoto kanga ka Fiat n'kakale kuposa mwana wanga Tamer. Chaka chatha giyabokosi yake inayamba kulira ngati chigayo, giya yachiwiri n'kumachoka yokha. Kwa Girgis, wogulitsa zitsulo za magalimoto akufa, ndinapeza ina ya magiya asanu, yochokera m'galimoto ya mtundu womwewo koma yatsopanoko. Ndinawerenga mabowo a mabawuti, ndinayeza mano olowa m'kalachi, zonse zinagwirizana. Ndikunyamuka, Girgis anandipatsa kenakake kokulunga m'pepala n'kuyamba kufotokoza. Ndinamudula pakamwa kuti tsiku limene ndidzafune sukulu ndidzamuuza, kapepalako n'kuponya m'kabokosi ka kutsogolo m'galimoto.

Galimotoyo amayendetsa kwambiri ndi mkazi wanga Nagat, chifukwa ine kugalaja ndimapita wapansi. Lachiwiri lililonse amapita kumudzi kukasambitsa mayi ake odwala, amene amakhala kwa mlamu wanga Metwalli. Msewu umenewo ndimaudziwa ngati kuchipinda kwanga: makilomita 20 kupita, 20 kubwera. Ndiye Lachiwiri lina nditasuzumira pa mita yowerengera makilomita, monga ndimachitira nthawi zonse, ndinapeza ayenda 46. Ndinati mwina anakhotera kumsika. Sabata yotsatira 46. Inayonso 46.

Munthu wokhotera kumsika sakhota mofanana katatu. Ndinakhala pansi ndi tiyi wanga n'kuyamba kuyenda msewuwo m'mutu, kufunafuna chimene chili makilomita atatu kuchokera pamsewu waukulu. Ndinachipeza msanga, moti tiyi anandiwawa m'kamwa. Ndi sitolo ya mankhwala ya Ramzi, msuweni wake wa Nagat, amene anamufunsira ine ndisanabwere, ndipo mkazi wake anamwalira chaka chathachi. Atatu kupita, atatu kubwera.

Mwezi wonse ndinkangomuyang'anitsitsa. Nagat akavala mpango watsopano, ndinkadziwa wavalira ndani. Akabwera ndi mapiritsi a mayi ake, ndinkatembenuza kabotolo kufuna chidindo cha sitolo. Sichinali cha Ramzi, koma ndinati ndiye kuchenjerako. Akandiikira mbale ya nyemba ndi buledi akung'ung'udza kanyimbo, mtima unkanditentha kuti akusekerera uchitsiru wanga.

Lachiwiri lachisanu ndi chiwiri ndinamudikirira pakhomo. Asanatseke n'chitseko chomwe ndinamufunsa kuti Ramzi ali bwanji. Anandiyang'ana ngati ndalankhula chinenero china, ndiye ndinamuyalira manambala onse, sabata ndi sabata.

"Abambo a Tamer," anatero motsitsa mawu, "manja anga akununkhabe sopo wosambitsira amayi. Anunkhizeni."

Ndinamuyankha kuti mita siinama. Sanalire. Anaika makiyi pa boneti, analongedza kachikwama, n'kukakwera minibasi ya kumudzi.

Patapita masiku atatu ndinaganiza zokatula nkhaniyi kwa Metwalli, amve zimene mlongo wake akuchita. Ndinayang'ana mita ndisanalize injini, pofuna kukamuonetsa umboni ndi maso. Sindinakhote paliponse. Pamphambano ya kwa Ramzi ndinadutsa ndikulavula pawindo. Nditaima pageti la mlamu wanga ndinayang'ananso, ndipo mita inati ndayenda 23.

Ndinawonkhetsa kawiri. Kenako dzanja linapita lokha m'kabokosi muja. M'pepala la Girgis munali kagiya kapulasitiki, kochepa ngati chala, kamene kamazunguza chingwe cha mita. Giyabokosi yatsopano inabwera ndi kake, ka mano osiyana, kopangidwira galimoto ina. Kanafunika kusintha, ndipo ndi zimene Girgis ankandiuza. Ntchito ya mphindi khumi, bawuti imodzi. Ndinachita manyazi amene sindinawamvepo chibadwire.

Metwalli anatuluka, osandipatsa mkono, osatchula n'za tiyi zomwe. Anangoitana mlongo wake n'kuima chapatali. Nagat anabwera atapinda manja a diresi, m'manja muli thaulo lonyowa. Ndinamuuza kuti ndalakwa, ndabwera kudzamutenga, ndipo ndinamuonetsa kagiyako pachikhato ndikufotokoza za mano ake mothamanga, ngati ndikulankhula ndi kasitomala. Anandilola kumaliza.

"Ndiye mwabwera chifukwa mwandikhulupirira ine," anafunsa, "kapena chifukwa galimoto yakuuzani?"

Bodza linali pamlomo, koma kagiyako kanali kale poyera.

"Amake Tamer, chachikulu n'choti zadziwika."

"Zadziwikadi," anatero. "Zaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri tili pabanja, mboni yanga n'kukhala kapulasitiki. Kukanakhala kuti munakataya?"

M'nyumba mayi ake anaitana, ndipo iye anatembenuka n'kulowa.

Kagiyako ndinakasintha madzulo omwewo. Tsopano ndimapita ndekha Lachiwiri lililonse, ndi malalanje a apongozi, ndipo mita imati 40 ndendende. Nagat amalandira malalanjewo pageti, amafunsa ngati Tamer akudya bwino, kenako amandiuza kuti ndiyende bwino.