Mizere ya Pabalaza

Atelala anafika pakhomo la pabalaza n'kuuma gwa. Miyendo inakana. Anzawo anayi a m'gulu la odwala Parkinson, matenda onjenjemeretsa ndi kuumitsa thupi, anaima kumbuyo kwawo, ndodo zikunjenjemera.

Mzime wa malemu, mwana wamkazi, anangoyang'ana, osatambasula dzanja. Anawaitana dala, patangopita masiku atatu chiikireni bambo ake, abale asanabalalike. Ankafuna aliyense adzionere yekha.

Kugulu kuja, komwe malemuwo nawonso ankapita Lachiwiri lililonse, mlangizi ankawaphunzitsa kuti miyendo ikamatirira pansi aziyenda molumpha mizere. Mzimeyo anamata tepi yachikasu kuyambira pakhomo mpaka kuchipinda, ndipo bambo ankaguba ngati msilikali. Koma achimwene ake anaimatula yonse pokonzekera kulandira abwana awo, ati nyumba inkaoneka ngati bwalo la mpira. M'mawa mwake bambo anagwa n'kuthyoka chiuno. Kuchipatalako sanabwereko.

"Mizere ija ili kuti?" anafunsa Atelala.

"Afunseni achimwene," anayankha mzime mokweza. Chidani chinkamukomera, ndipo sanachite nacho manyazi. "Achimwene, auzenitu alendowa. Azakhali nawonso amve."

Achimwenewo anangoti zyoli.

"Musawavutitse," anatero Atelala. "Bambo anu anatiuza titakawazonda. Anati anamatula okha, poyesa kuti achira."

"Ndi manja ati? Omwe ankalephera kumanga batani aja?"

"Ife tinamva zomwezo, mwanangu. Anachita kubwereza kawiri kuti tisaiwale."

Mzime analuma mlomo. Masiku atatu akunola mpeni, nkhalamba ija n'kumulanda ili m'manda! Anakwiyira onse awiri, bambo ndi achimwene omwe.

Atelala anapisa m'chikwama movutikira n'kutulutsa tepi yotsala theka.

"Iyi ndi yawo. Ankayenda nayo m'thumba, kuzungulira nyumba zathu zonse, n'kumalozera ana athu pomata. Anati ndidzapatse mwana wawo wamwamuna, iye adzadziwa chochita."

Achimwene aja anailandira ndi manja awiri. Anagwada pasimenti, suti ya maliro ili m'thupi, n'kumata mzere woyamba, kenako wachiwiri. Misozi inkadonthera patepipo.

"Mwatalikitsa," anatero mzime. "Bambo ankafuna phazi limodzi ndi theka. Matulani, muyambirenso."

Anamatula, n'kuyambiranso. Mlongo wawoyo anawaimirira pamutu mpaka mzere womaliza.

Atelala anayang'ana pansi, n'kuwerenga chapansipansi monga ankawerengera malemu kugulu kuja: "Modzi, wiri." Phazi linanyamuka, n'kulowa m'nyumba.