Mtovu M'mimba mwa Agogo Nosrat

Lachisanu la kwathu ku Kerman linkakoma, ine mpaka pano ndimalisowa. Agogo Nosrat ankayala kapeti pabwalo, mbaula pakati, anzawo awiri atakhala mozungulira, ine ndikuthira tiyi uku makutu ali tcheru. Nkhani zonse za mumsewu mwathu ndinkazimvera pamenepo, wathawidwa ndani, wagulitsa munda ndani. A Yadollah, mnzawo wa agogo wopanda mano, ankanditcha wailesi.

Anzawowo ankasuta tariyaki, phula loledzeretsa la opiyamu, koma agogo chifuwa chinkawavuta, ndiye ankangotsina kakang'ono ngati nyemba n'kumeza ndi tiyi. Ankati ndi mankhwala a shuga ndi mawondo. Pakhomo tonse tinkadziwa, koma kunja sitinkatchula, poti agogo anapitako ku Makka ndipo anthu ankawapatsa ulemu.

Chaka chomwe ndinasiya sukulu, m'mimba munayamba kuwapota. Mukapweteka ankameza kawiri, kenako katatu. Nkhope inayezuka, kuchimbudzi osapita sabata yathunthu, dzanja likulephera kugwira kapu. Kuchipatala adokotala anati mawa awang'amba m'mimba kuti aone. Atafunsa ngati pali chomwe amamwa, agogo anakana. Amayi anayang'ana pansi, azakhali anga a Mahin n'kuyamba kukonza mpango wawo.

"Amameza tariyaki," ndinatero. "Masiku ano katatu patsiku."

"Iwe Golnar, pakamwa pakopo," azakhali ananditsina pamkono.

Adokotala sanadabwe n'komwe. Anakweza mlomo wa agogo n'kutionetsa mzere wakuda m'nkhama. Anati ogulitsa tariyaki akuthiramo mtovu kuti azilemera pasikelo, ndipo womeza ndi amene umamupweteka kwambiri. Atayeza magazi, zong'amba zija anazisiya, n'kuwapatsa mankhwala otulutsa mtovuwo.

Agogo anachira, kungoti dzanja limanjenjemerabe. Koma kuchipatala kuja pabedi loyandikana nawo panagona mlamu wake wa wophika buledi wa mumsewu mwathu, ndiye nkhani inafika kumudzi ife tisanafike. Kumzikiti anthu anayamba kunong'onezana, anzawo aja anasiya kubwera, agogo n'kutha miyezi iwiri osandiyankhula.

Tsiku lina ndikuwamwetsa supu anangoti, "Mwana iwe, bwenzi utangomunong'oneza dokotalayo."

Ndinawauza kuti ndikanatero, koma azakhali anaima pakati, ndipo ndi kunenepa kwawoko sindikanadutsa. Agogo anaseka mpaka kutsokomola, kenako anatsegula pakamwa kuti ndiwapatse ina.