Khobidi lakuda la Pak Gunarso

Ine Sarmi sindinabereke, koma ndinalera. Ndari, mwana wa malemu mlongo wanga, ndinamutenga akadali wa mamina, ndipo wakula ndi timikate ta mpunga timene ndimagulitsa pakhomo la msika kuno mumzinda wa Solo. Ndiye tsiku limene anandiuza kuti wapeza mwamuna, ndinangofunsa ziwiri: ngati mnyamatayo amadya bwino, komanso ngati kwawo akutifuna.

"Kudya Mas Yudhis amadya," anatero Ndari. "Koma bambo ake sanalole ndipo sanakane. Akuti aone kaye khalidwe la kwathu."

"Kwathu ndiye ndani?"

"Ndinu, Bude. Aliponso wina?" Bude ndi mmene kuno timaitanira azakhali.

Bambo akewo dzina lawo Pak Gunarso (kuno Pak ndi bambo, Bu ndi mayi), ndipo ntchito yawo ndi kugulitsa makhobidi akale. Nditamva ndinaseka mpaka kutsokomola. Munthu kugulitsa ndalama, ndiye amamulipira chiyani, nkhuku? Ndari sanaseke. Anati Loweruka kuhotela kuli chionetsero cha makhobidi, Pak Gunarso ali ndi tebulo lawo kumeneko, ndipo anena kuti tikawapeze komweko masana.

Sabata yonse mwana uja ankandiphunzitsa mwambo ngati ndine mkamwini. Chikwama osachiika pagalasi. Khobidi osaligwira mwini wake asanakupatse, ndipo akakupatsa ugwire m'mphepete. Anthu awiri akamakambirana mtengo, wachitatu osaikapo mlomo. Osafunsa munthu kuti kodi iye anagula zingati.

"Nanga kupuma ndi kololedwa?"

"Pumani, Bude, koma chakumbali."

Tikunyamuka anandisecha m'chikwama. Anatulutsa fodya wanga wotafuna, anatulutsa nthochi, kenako anatulutsa khobidi langa lamkuwa lopalira mphepo, limene lapala misana ya theka la msika wathu. Kuno munthu mphepo ikamulowa m'thupi, timamupaka mafuta ndi kumupala msana ndi khobidi kuti ituluke.

"Ili likatani?"

"Munthu sadziwa, mwanangu."

"Litsala."

Linatsaladi. Kabotolo ka mafuta a bulugamu sanakapeze, chifukwa kamakhala pachifuwa, ndipo kumeneko ngakhale apolisi safikako.

Titalowa mu holo ya chionetserocho ndinaima chilili. Choyamba kuzizira. Makina awo oziziritsa anawatsegula ngati akusunga nsomba. Chachiwiri bata. Anthu odzaza holo, onse akugula ndi kugulitsa, koma phokoso lake losafika la amayi awiri a kumsika kwathu. Azibambo akuluakulu a ndevu zawo atawerama, kagalasi padiso, kuyang'ana kachitsulo ngati akufuna nsabwe. Ena atavala magolovesi oyera, ine kumayesa madokotala. Makhobidi ambiri anali otsekeredwa m'timabokosi ta pulasitiki, lililonse kakekake, ngati maliro a mbewa.

Ndari anandikhazika pampando pafupi ndi khomo.

"Ndikukafuna Mas Yudhis. Musasunthe, Bude. Ndapota nanu."

Ndinakhala. Mpando unali wozizira. Ndinasuntha.

Kuwerenga mawu kumandivuta, koma manambala ndimawadziwa bwino kuposa aphunzitsi. Ndinawerama pagalasi lina, manja kumbuyo monga ndinaphunzitsidwira, ndi kuwerenga mtengo wa kakhobidi kochepa ngati chikhadabo. Ndinawerenganso. Njinga yamoto yatsopano inali m'kachitsulo kameneko, ndi mafuta omwe. Patebulo lina mnyamata wina, woyamba kubwera ngati ine, anaika kapu ya khofi pagalasi. Wogulitsa anangoyang'ana kapuyo, anzake a matebulo oyandikana nawonso nkuyang'ana kapuyo, mpaka mnyamata anainyamula nkuchoka akupepesa kwa aliyense, ngakhale kwa ine.

Chakumapeto kwa holo, pansi penipeni pa makina ozizira aja, panali bambo wina wa malaya abwino a batiki akukambirana ndi wogula. Dzina lake linali litalembedwa pansalu yaikulu pamwamba pa mutu wake, koma ndanena kale za kuwerenga kwanga. Ndikuuzirenitu: anali Pak Gunarso. Aliyense mu holo muja ankadziwa, kupatula ine.

Wogulayo anthu ankamutchula kuti Koh Bing, wochokera ku Semarang. Pakati pawo panali kansalu kofewa, ndipo pakansalupo panali khobidi limodzi lalikulu, lakuda bii ngati kunsi kwa chiwaya changa. Koh Bing analiyang'ana ndi kagalasi nthawi yaitali, akupukusa mutu pang'onopang'ono. Ine ndinamumvetsa. Nanenso munthu atandipatsa chinthu chalitsiro choncho ndikhoza kupukusa mutu.

"Ndikaimbe foni kwa mkulu wanga, Pak," anatero Koh Bing. "Musalibweze m'bokosi. Ndikubwera."

Atangochoka, bambo uja anadzigwetsa pampando. Nkhope mbuu, thukuta pamphumi m'chisanu chonsecho, dzanja pamimba. Matenda amenewo ndimawadziwa ndili kutali.

"Pepani, Pak, mphepo yakulowani."

Anandiyang'ana ndi diso limodzi. "Chiyambire m'mawa, Bu. Khosi lauma, mutu ukulemera. Mayi akunyumba apita kukandifunira tiyi wa jinja, koma ndikuona ngati akukalima kaye jinjayo."

"Tiyi ndi wa ana. Tembenukani, ndikupaleni. Mafuta ndili nawo."

Anayang'ana uku ndi uku. Anali munthu waulemu wake, zinkaoneka. Koma mphepo ikalowa munthu, ulemu umadikira panja. Anakokera mpando kuseri kwa tebulo, anayang'ana kukhoma, nakweza malaya mpaka m'khosi.

"Khobidi muli nalo, Bu?"

"Mwana wandilanda."

"Tengani lililonse pamenepo." Anakupiza dzanja chakumbuyo osacheuka.

Pakona ya tebulo panali mbale yodzaza makhobidi owala ngati mano a mkwatibwi. Pambuyo pake ndinamva kuti amenewo ndi otsika mtengo, ogulira ana asukulu, ndipo dzanja lija linkaloza mbaleyo. Koma ine ndinali nditaphunzitsidwa khalidwe sabata yathunthu. Ndinati mumtima: Sarmi, usachititse mwana manyazi. Ungatenge bwanji khobidi lowala la munthu nkulipaka mafuta? Tenga loipa lija, limene wogula walikana.

Ndinalitenga, ndipo ndinaligwira m'mphepete monga mwa lamulo.

Litsiro lotero sungaliike pakhungu la munthu. Ndinalidontheza mafuta, ndinalipukuta ndi nsonga ya mpango wanga mwamphamvu, ndipo pamene panakanirira ndinakanda ndi chikhadabo. Mkuwa unayamba kutuluka, wofiirira bwino. Ndinalimvera chisoni kuti lakhala zaka zonsezi opanda wolisamala.

Khobidi limenelo, kunena zoona, sindinagwirepo lina lotere. Lolemera, m'mphepete mosalala, lokwana m'zala. Ndinayamba m'khosi, kutsika m'mbali mwa msana, kenako nthiti imodzi imodzi. Mizere inatuluka yofiira mpaka kuda.

"Mphepo yake si ya lero iyi, Pak. Mwakhala mukuisunga ngati makhobidi anuwa."

"Pamenepo, Bu, pamenepo. Kanikizani."

Ndinakanikiza. Bambo uja anageya kamodzi, kugeya kochokera ku zidendene, mpaka wa tebulo loyandikana anacheuka. Anacheuka, nayang'ana msana, namwetulira. Kenako anayang'ana m'dzanja langa, ndipo kumwetulira kuja kunathothoka.

Bata la mu holo lija ndinkaliyesa bata, koma lenileni linabwera tsopano. Linayambira patebulo pathu nkumafalikira. Anthu anaimirira, magalasi ali m'manja. Koh Bing anafika foni ili kukhutu, anayang'ana pakansalu, anayang'ana ine, ndipo anaitsitsa foniyo pang'onopang'ono ngati wamva uthenga wa maliro.

"Pak Gun," anatero motsitsa. "Tacheukani."

"Dikirani pang'ono, Koh, atsala mbali imodzi."

"Tacheukani, Pak."

Anacheuka, malaya akadali m'khosi. Ine ndinatambasula dzanja kuti aone ntchito yanga. "Ndalitsukako. Mukapeza bwemba ndi phulusa, mawa liwala lonse."

Wina kumbuyo anabuula. Pak Gunarso anayang'ana m'dzanja langa. Nkhope imene ndinali nditangoibwezera magazi inayeranso. Koh Bing anatenga khobidi lija ndi zala ziwiri, analiyang'ana ndi kagalasi kanthawi kochepa, nalibweza pakansalu.

"Bu, chakuda chija ndi chimene ndimagula," anatero. "Chatenga zaka zoposa zana kuti chikhale choncho. Ndimafuna kugulitsa galimoto chifukwa cha chimenecho."

"Litsiro?"

"Litsirolo."

Ndinayang'ana nsonga ya mpango wanga. Galimoto ya munthu inali pamenepo, yakuda, ikununkha bulugamu.

Nthawi yomweyo ndinaona Ndari akudutsa pakati pa anthu, pambuyo pake mnyamata wamtali amene ndinkamudziwa pachithunzi cha mufoni. Mnyamatayo, Yudhis, anati, "Bapak, chachitika n'chiyani?" Bapak ndiye kuti bambo ake, ndipo apo m'pamene mutu wanga unagwira. Ndinayang'ana nsalu ya dzina ija, ndinayang'ana msana wa mizeremizere: unali wa Pak Gunarso.

Mlonda wa hotela anali atafika. Pak Gunarso anapeza mawu. "Mayi awa ndi a ndani? Abwera ndi ndani?"

Ndinamutsinzinira Ndari diso mwamphamvu, kuti apite, asandidziwe. Nkhalamba yosokonekera imakhululukidwa, ikagona kupolisi usiku umodzi basi.

"Ndabwera ndekha, Pak," ndinatero. "Ndilibe mwana, ndilibe mbale. Mutu wangawu umandisiyasiya. Ndimayesa kuno n'kuchipatala."

Ndinayambanso kunjenjemeretsa mutu kuti zikhale bwino. Ndikanapambana, chifukwa mlonda anali atandigwira kale pamkono mwaulemu. Koma mwana wopusa uja anabwera, anachotsa dzanja la mlonda, naika lake.

"Ndi Bude anga, Pak. Ndi amene anandilera. Ndabwera nawo ndine, ndipo khobidi lawo lopalira ndawalanda ndine. Mutu wawo uli bwinobwino."

"Sindikumudziwa mtsikanayu," ndinatero.

"Bude, chonde khalani chete."

Yudhis anayang'ana pansi ngati wataya singano. Pak Gunarso anayang'ana Ndari nthawi yaitali, mmene amayang'anira makhobidi ake, kungosowa kagalasi. Pamenepo anafika mayi wina wonenepa bwino atanyamula kapu ya tiyi. Anali Bu Lastri, akazi awo. Anaona khamu, anaona khobidi, anaona amuna awo.

"Pak, tsitsani malaya. Solo yense waona mchombo wanu." Anaika tiyi pagalasi penipeni, ndipo palibe anamuyang'ana moipa. "Wawapatsa khobidi ndani?"

"Ndinati atenge la m'mbale."

"Munati lililonse, Pak," anatero wa tebulo loyandikana. "Ndinamva ndi makutu anga."

"Nanga mutu?" anafunsa Bu Lastri.

Pak Gunarso anatembenuza khosi uku ndi uku. Zinamuwawa kuvomera. "Wapepuka."

Anakulunga khobidi m'kansalu, anauza mlonda kuti azipita, nayamba kulongedza katundu dzuwa likadali pamutu. Ife tinatuluka anthu akutipatukira ngati tanyamula matenda.

Masiku otsatira Ndari sankadya. Foni ya Yudhis inkangoti bambo sakuyankhula ndi munthu. Ine ndinkapsereza timikate, makasitomala nkumandifunsa ngati ndayamba chibwenzi. Mpango uja sindinauchape. Ndinaganiza zoutumiza kwa Koh Bing kuti mwina angagule ngakhale theka, koma Ndari anandiyang'ana ndi maso ofiira ndipo ndinausunga.

Lamlungu lina m'mawa galimoto inaima pakhomo. Pak Gunarso, Bu Lastri ndi Yudhis anatsika atavala zabwino, atanyamula mathireyi a mphatso zofunsira mbeta. Pak Gunarso anakhala pamkeka wanga, nkhope ili gwa, ndipo anayankhula akuyang'ana khoma.

"Pa ntchito yanga, Bu Sarmi, munthu akagwetsa khobidi amati linagwa lokha. Akasiya chala pagalasi amati ndi cha amene anaima poyamba. Ndakalamba ndikumva zimenezo. Mwana wanuyu anali ndi khomo lotseguka, inu mukumukankhira komweko, koma sanatuluke." Anapuma. "Ndabwera kudzamupempha. Inuyo sindinakukhululukireni."

"Musavutike, Pak, anthu ambiri sanandikhululukire ndipo ali moyo."

Bu Lastri anaseka mpaka tiyi kumutuluka m'mphuno. Ndari anathawira kukhitchini kukalira, Yudhis nkumangomwetulira ngati mbuzi yaona chinangwa.

Pathireyi yomaliza, pakati pa nsalu ndi zipatso, panali kabokosi ka pulasitiki. Mkati munali khobidi lija, mbali ina lakuda, mbali ina lofiira.

"Palibe angaligule pamtengo umene ndingaupirire," anatero Pak Gunarso. "Ndipo kunyumba sindifuna kuliona. Koma mundilonjeze kuti pachionetsero simudzapondanso."

Ndinalonjeza. Kumeneko n'kozizira, ndipo anthu ake sadziwa kutsatsa malonda.

Ukwati unachitika mvula isanayambe. Mvula itayamba, madzulo ena ndinamva kugogoda. Anali Pak Gunarso, mpango m'khosi, nkhope mbuu, akuti amangodutsa. Ndinamuyalira mkeka, ndinatulutsa mafuta, ndinatsegula kabokosi.

"Lanu lakale lija mulibe, Bu?"

"Lilipo, koma ili ndiye lodziwa msana wanu."

Tsopano amabwera mvula ikangochuluka. Ndikakoka mzere uliwonse amabuula, ine nkufunsa ngati ndikukanikiza kwambiri.

"Si msana, Bu," amatero, nkhope ili kukhoma. "Pitirizani."